Manja a mlongo wanga

Mlongo wanga wamng'ono anagwidwa ku Limbe ataba batire ya galimoto kuti akagulire kachasu. Khoti silinamutsekere. Linamulamula kuti azitchetcha udzu pasukulu ina ku Chitawira, kufupi ndi kwathu. Amayi anati Mulungu wayankha.

Koma ine ndinkagona naye nyumba imodzi, ndinkawaona manja ake m'mamawa. Ankanjenjemera moti tiyi ankathera pamalaya. Chikwakwa akanachigwira bwanji? Ndiye ankayamba wadzera kwa mayi wina wogulitsa kachasu, n'kumwako, manja zii, kenako n'kupita kukagwira chilango chake. Abambo oyang'anira ntchitoyo fungo ankalimva ndithu. Nditawadandaulira anangoti, "Achemwali, bola akubwera. Ife timaona udzu."

Ndinayenda, inu! Ku ofesi yoona za olakwa anati zimenezo n'zakuchipatala. Kuchipatala namwino anandifunsa ngati wayamba kuvula kapena kugenda anthu. Nditati ayi, anati ndiye sanafike poti n'kumugoneka. Kutchalitchi kwathu akuluampingo anati ndibwere naye tsiku limene sanamwe. Tsiku lake liti? Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, ine mayi wamvano.

Udzu anamaliza, anthu n'kumuyamikira kuti wasintha. Mvula isanathe anaba foni pa siteji ya minibasi ku Chichiri, ndipo ulendo uno anamutsekera. Achibale anati zakhala bwino, kumeneko akasiya yekha. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa mmene thupi lake linkachitira likasowa mowa.

Nditamupititsira chakudya sanandizindikire. Thukuta lili kamukamu, ankakutumula malaya kuti mwalowa nyerere. Ndinachonderera woyang'anira akaidi kuti munthuyu akudwala, aonedwe ndi dokotala. Anaseka. "Ndi matsire amenewo, mayi. Onse amatero akangofika."

Mkaidi mnzake ndi amene anadzandiuza zotsalazo. Akuti anayamba kugwa n'kumaphupha, anzake n'kumamuthira madzi ndi kumupempherera poganiza kuti ndi ziwanda. Pomuthamangitsira kuchipatala n'kuti kutatha kale.

Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindinakhululuke. Tikutenga mtembo, bwana wina wovala bwino anandiyang'ana ngati wolakwa ndine, n'kundifunsa chifukwa chimene banja lathu linabisira kuti mnyamatayo anali ndi khunyu.

Ndinamubereka kumsana ine mwana ameneyo. Khunyu analibe, chinkamugwetsa n'kusowa mowa.