Lumbiro la Adokotala a Macheka

Mpingo wathu waika m'manda munthu amene tonse tinkangomutchula kuti adokotala, ngati kuti padziko panalibe ena. Anabadwira m'banja la telala wosauka, ndipo ali mwana ankaimba kwaya ndi mawu osalongosoka, koma sankajomba. Mutu wawo unali wakuthwa. Pomwe ankamaliza maphunziro a udokotala n'kuti nkhondo itabuka, ndipo anatengedwa kukachita maopaleshoni kwa asilikali.

Za kumeneko sankakonda kukamba. Chipatala chawo chinali tenti, mankhwala anali operewera, ndipo anyamata ovulala ankafika pa lole ataunjikana ngati nkhuni. Mwendo woti ukanapola atausamalira, iwo ankaudula, chifukwa pakhomo panali ena akutha magazi. Asilikali anawapatsa dzina loti Macheka. Anzawo ankalitchula moseka, koma eni ake linkawalasa mumtima.

Nkhondo itatha anabwera m'tauni yathu ino ali owonda, tulo tikuwavuta. Lamulungu loyamba anagwada kuguwa anthu atatuluka, n'kulumbira kuti, "Ambuye, ndadula zokwana. Manja awa sadzadulanso chiwalo cha munthu."

Analisungadi lumbirolo. Bala lonunkha loti anamwino ankalithawa, iwo ankalitsuka okha m'mawa uliwonse kwa miyezi, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Ambiri muno akuyenda ndi miyendo yawo chifukwa cha khama limenelo. Zikakanika, wodwalayo ankamutumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Ena ankawanena kuti ndi amantha. Iwo ankangoti, "Mwendo si nthambi, suphukanso."

Mayesero awo anatulukira m'nyumba mwawo momwe. Akazi awo, omwe ankadwala shuga, anabayidwa ndi msomali kuphazi. Inali nthawi ya mvula yoopsa ija imene inakokolola mlatho, moti galimoto sinkatuluka kapena kulowa m'tauni. Adokotala anatsuka balalo, kumanga, kupemphera, n'kutsukanso. Zala za kuphazi zinada. Kudako kunakwera kufika m'kakolo. Iwo ankaona, ndipo ankadziwa bwino lomwe tanthauzo lake, koma m'mawa uliwonse ankapita kukayang'ana madzi kumtsinje n'kubwerako akuti, "Mawa aphwa." Pamenepa tinene zoona, munthu wa Mulunguyu anachedwa, ndipo pang'onong'ono aphetse mkazi wake.

Tsiku lina masana thupi la mayiwo linatentha mpaka anayamba kubwebweta. Adokotala anagwada pambali pa bedi, mutu uli pachitsulo cha bedilo, akulira ngati mwana. "Ambuye, ndichite chiyani? Ndikuphwanyireni lumbiro, kapena ndimuone akufa? Tandiyankhani!" Mvula yokha ndiyo inkagogoda pamalata.

Mayiwo anatsegula maso. "Bambo," anatero motsitsa, "mukulirira ine kapena lumbiro?"

"Amayi, ndinalonjeza pamaso pa Mulungu."

"Inenso munandilonjeza pamaso pa Mulungu yemweyo, anthu akuonerera. Munati pa matenda ndi pa mtendere. Tadzukani apo, kasambeni m'manja. Ndikufuna ndidzaone adzukulu anga."

Anadzuka. Namwino wamkulu yemwe anawathandiza akuti atangotenga mpeni anagwira ntchito ndi changu chomwe iye anali asanachionepo. Anadula m'munsi mwa bondo. Atamanga ulusi womaliza anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa chipatala, mvula ikuwanyowetsa.

Mayiwo anachira. Adzukulu anawaona, ndipo anawakalipira mokwanira. Koma adokotala sanapezenso mtendere wonse. Abusa anawauza kangapo kuti Mulungu sakondwera ndi lumbiro lopha munthu, iwo n'kuvomera ndi mutu, koma pa Mgonero ankabwera omalizira, nkhope ili pansi. Anapitiriza kutsuka mabala mpaka maso atayamba kuchita mdima. Lamulungu lililonse tinkawaona akukankha njinga ya olumala ya akazi awo kukwera kamtunda ka kutchalitchi, mayiwo akuwadzudzula kuti sakuona maenje.

Atakalamba, adokotala anadwala n'kugona osadzukanso. M'mawa wa tsiku lomaliza anaitana akazi awo, ndipo ana anakankhira njinga ija pafupi ndi bedi.

"Amayi," ananong'ona, "ndikuopa. Ambuye akandifunsa za lumbiro lija, ndikayankha chiyani?"

Mayiwo anawagwira dzanja lomwe linawadula mwendo lija. "Mukangoti adikire pang'ono. Ndikubwera m'mbuyomu ndi mwendo wanga umodziwu, mlandu umenewo ndidzayankha ndine."

Adokotala anaseka, kuseka kwenikweni kumene ana awo anali asanakumvepo. Kenako anatseka maso, n'kupuma mpweya wotsiriza dzanja lawo lili m'manja mwa mayiwo.

Ambuye awalandire mtumiki wawoyu, ndipo atipatse ifenso mtima wodziwa kudzuka pamene kugwada kwakwana.