Mwamuna Wokhala m'Chigubu

Ndagi! Ndi mlendo uti amene aliyense amadziwa mwezi umene adzafike, koma akagogoda nyumba zonse zimadabwa? Ngati yankho lakuvutani, musadandaule. Nester wa ku Kadewere nayenso analipeza mochedwa, ndipo analipeza ndi m'mimba. Mlendoyo ndi njala ya mu Febuluwale.

Chaka chimenecho njala inamupeza Nester alibe ndi madeya omwe. Mwamuna wake, a Vincent, anali atapita ku Joni kukasaka ntchito. Poyamba ankaimba foni. Kenaka nambala yawo inayamba kuyankhidwa ndi mayi waulemu uja amene amangonena kuti mwini wake sakupezeka. A Vincent anamusiyira kamunda kakang'ono ndi mwana mmodzi, Angella, amene anali atangoyamba kumene sekondale.

Chimanga cha chaka chapitacho Nester anali atagulitsa kwa mavenda a masikelo nthawi yokolola. Ambirife timatero. Timachitsanzika chili chotchipa, n'kudzachilonjeranso pamsika chitayamba kudzimva.

Atatopa ndi kudya nkhwani wopanda chotsagana naye, anatenga beseni n'kupita kwa achimwene ake, a Timoti, amene anali mwinimbumba.

"Chimanga ndikupatsa, ndiwe mlongo wanga," anatero a Timoti. "Koma mwanayu tisamuzunze. Ku Limbe kuli bwana akufuna mtsikana wa m'nyumba. Azikadya katatu."

"Achimwene, mwanayutu ali pa sukulu."

"Sukuluyo mumaiphika? Tamvera. Chaka chamawa ukadzabweranso ndi beseni limeneli, Angella adzakwera minibasi. Ndamaliza."

Kuno mawu a malume sagwa pansi. Nester anasenza beseni lija kubwerera kwawo, ndipo chimene chinkamupweteka khosi sichinali chimangacho.

Zokolola zitafika, anangoyang'ana matumba ake n'kudziwa kuti sadzafika Khirisimasi. Anayamba kugulitsa masamba pamsika wa pa Boma. Pafupi ndi iye pankakhala Abiti Asumani, mayi wanthabwala amene ankagulitsa mafuta ophikira oyezera m'timabotolo. Tsiku lililonse Nester ankabwera ndi mkute, awiriwo n'kumagawana.

Tsiku lina Abiti Asumani anauyang'ana mkutewo nthawi yaitali.

"Amake Angella, kunyumba kwanu mulipo angati?"

"Awiri."

"Nanga mkute wa tsiku ndi tsikuwu umatsala kwa ndani?"

Nester nayenso anauyang'ana mkutewo. Dzanja lake linkatapabe ufa wa anthu atatu. Mtima unali utavomereza kalekale kuti a Vincent sakubwera, koma uthengawo unali usanafike kudzanja.

Abiti Asumani anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye bambowo ali ku Joni koma akudyabe kwanu! Iyayi, musawamane. Gawo lawo muziwapatsa ndithu, kungoti musamawaphikire." Anakankha ndi phazi chigubu chachikasu chimene mafuta anali atatheramo. "Amuna anu ndi awa. Sayendayenda, samwa, sayankha. Atengeni."

Nester anachitenga chigubucho mwamanyazi, koma anachitenga. Kuyambira tsikulo, akamatapa ufa wophika, gawo lachitatu ankalithira m'chigubu.

Patapita milungu ingapo anachitsegula kuti aone m'mene a Vincent akunenepera. Fungo ndi limene linamulonjera. Mgaiwa wonse unali utaumbika, utachita chuku, tizilombo tikuyendamo ngati pamsika. Anautayira nkhuku za eni ake, n'kukhala pansi kuseri kwa nyumba, nalira. Munthu wosauka akaluza chakudya chimene anadzimana yekha, amakhala ngati waberedwa ndi dzanja lake lomwe.

M'mawa mwake anabweza chigubu kwa mwini wake.

"Ukwati watha kale?" anafunsa Abiti Asumani. Atamva nkhani yonse anapukusa mutu. "Vuto ndi langa, sindinakuuzeni khalidwe lawo. Bambo amenewa sadya ufa. Amadya chosagaya, chouma gwa. Ndipo sakonda kusuzumiridwa."

Anamufotokozera bwinobwino. Chigubu achitsuke ndi phulusa, chiume mpaka m'kati. Chimanga achiyanike mpaka njere izithetheka akailuma. Akakayika, athire njere zingapo ndi mchere m'botolo louma n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali, ndiye kuti chimangacho chikadali ndi madzi. Adzaze mpaka pakhosi, aphimbe ndi pulasitiki, amange chitsekero zolimba, achikhazike pa matabwa osati pansi. Anankafumbwe nawonso amapuma. Akasowa mpweya amafera momwemo.

Nester anabwerera nacho chigubu chija. Ulendo uno, asanapite kuchigayo, ankayamba wapatula gawo la a Vincent. Likaunjikana ankaliyanika pamkeka, n'kulitsekera.

Kenaka anazindikira kuti bambowo sadya chimanga chokha. Nandolo atacha, anawapatsa gawo lawo. Chinangwa anachisenda n'kuyanika makaka. Masamba otsala pamsika, amene kale ankangofota n'kutayidwa, ankawafutsa n'kuyanika mfutso. Akapeza ganyu wotonola chimanga, ankapempha kuti amulipire chimanga chomwecho. Eni munda ankavomera msanga poganiza kuti amupusitsa, popeza nthawi imeneyo chimanga chinali paliponse. Zigubu zina ankazipeza powathandiza Abiti Asumani kusenza katundu kuchokera pa siteji.

Zonsezi ankazisunga m'kachipinda kamene kale kanali ka makasu, ndipo anagulirako loko.

Angella anailowa nthabwalayo ndi mtima wonse. Anthu odutsa pamsewu ankamva mayi akufuula, "Angella, abambo ako wawapatsa?" Mwana n'kuyankha, "Ndawapatsa, akhuta, agona!"

Mudzi sumva zotere n'kukhala chete. Posakhalitsa kuchitsime kunamveka kuti Nester akusunga mwamuna m'nyumba, mlesi wosatuluka ngakhale kukawothera dzuwa. Ena ankati ndi wa ku Mozambiki. Ena anachita kumuona ndi maso, wamtali, wandevu. Nester anazimva, zinamupweteka, koma sanatsutse. Akanati atsutse, akanayenera kutsegula chitseko chija, ndipo iye ankadzidziwa kuti munthu akamulirira sadziwa kukana.

Mu Novembala mavenda anabweranso, ulendo uno akutchula mitengo yokoma ngati uchi. Nsapato za Angella zinali zitayasamula, ndipo anzake kusukulu ankamuseka. Nester anatsegula kachipinda kaja, naima pamaso pa zigubu, dzanja lili pa chitsekero. Chigubu chimodzi chokha chikanagula nsapato n'kutsalako.

Angella anamugwira mkono. "Amayi, asiyeni abambo agone. Nsapato tikasoketsa. Ku Limbe sindikufunako."

Chimanga cha masiku onse chinathadi Khirisimasi isanafike. Anadya makaka ndi nandolo, nthawi zina kamodzi patsiku. Mu Januwale ndi m'mene Nester anamasula chigubu choyamba, akukumbukira mgaiwa uja. Chimanga chinakhuthuka chili mbee, chikulira ngati timiyala m'lichero. Panalibe ndi njere imodzi yomwe yobooka.

Febuluwale anafika monga mwa nthawi zonse, ndipo monga mwa nthawi zonse anthu anadabwa. A Timoti anadikira beseni lija, koma silinabwere. Tsiku lina masana anatulukira okha, nkhope ili gwa.

"Nester, sunabwere kudzapempha. Ndiye kuti zimene ndikumvazi n'zoona. Mwamuna akafuna kulowa m'mbumba mwanga amadzera kwa ine. Ngati mukudya za chibwenzi, mwana uyu sakulira pano. Angella, longedza zovala!"

Angella anayang'ana mayi ake. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusesa mabwalo amene anali osesedwa.

"Mwamunayo alipodi, achimwene," anatero Nester.

"Muitane!"

"Satuluka. Lowani muwaone nokha."

Anatsegula loko. A Timoti analowa chibakera chili chokunga. Anapeza zigubu zachikasu zitandandalikana pa matabwa, thumba la makaka pakona, ndi mfutso ukulendewera kudenga.

"Alamu anu ndi awa," anatero Nester. "A Vincent. Chaka chonse akhala akudya nafe."

A Timoti anamasula chigubu chimodzi, natapa njere, nailuma. Inathetheka. Anayang'ana mlongo wawo, nayang'ananso zigubu, kenaka anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Kuseka kutatha anakanda kumutu. Chimanga chawo chinali chitadyedwa ndi anankafumbwe m'matumba, ndipo ana awo anali atagona ndi phala lokha.

"Kodi alamu angawa," anatero motsitsa mawu kuti osesa aja asamve, "angamubwereke munthu kabeseni kamodzi?"

Nester anatenga beseni lomwe lija n'kulidzaza mpaka kusefukira.

"Chimanga ndikupatsani, ndinu achimwene anga," anatero. "Koma minibasi imene adzakwere Angella ndi yopita ku koleji. Ndamaliza."

A Timoti anasenza beseni lija. Atafika pamsewu anatembenuka. "Kwa Abiti Asumaniko zigubu zilipobe?"

A Vincent enieni mpaka lero sakupezeka. Angella akadali pa sukulu, nsapato zake n'zosokedwa kawiri, ndipo masamu amakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwake. Nester sanalemere. Amagulitsabe masamba, ndipo zaka zina zigubu sizidzaza zonse. Koma beseni lake silinapitenso kukagogoda pakhomo pa munthu.

Ndiye nayi ndagi yomaliza, ya inu amene mwawerenga mpaka pano muli ndi nkhawa ya mwezi ukubwerawo. Ndi mwamuna uti amene amadya chaka chonse, koma njala ikafika ndiye amadyetsa banja? Yankho mukulidziwa tsopano. Mwina mukuti mulibe choti n'kusunga. Nester nayenso ankatero, mkute uli m'manja. Yang'anani bwino dzanja lanu, mwina likuphikirabe munthu amene kulibe. Chigubu choyamba chikawola, tsukani muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye, pakuti mlendo uja akubwera, ndipo ulendo uno adabwe ndi iyeyo.