Jekete la a Matiyasi

Inu amene mumati nthabwala ndi ntchito ya osowa chochita, khalani pansi mumve za Felesita wa kufupi ndi malire a Mwami. Sindibwereza.

Chaka cha 1993 chinamuvula zonse mtsikanayu. Mayeso a Giredi 9 analephera. Thonje lisanathyoledwe, bambo ake, a Matiyasi, anamwalira. Amenewo ndiwo ankaseketsa mudzi wonse, makamaka akamakalipira njinga yawo yakutha poipopa.

Atapita, nyumba inangoti zii. Mayi ake, a Magalita, anagona pamphasa n'kuyang'ana kukhoma. Phala ankalikankha. Mikono inatsala ngati mapesi. Felesita anaona kuti akachedwa aikanso maliro ena.

Chimodzi chokha ankakumbukira. Tsiku la maliro kunabwera mayi Leticia, Mbemba wokwatiwa m'mudzimo. Paja Angoni ndi Abemba ali pachimbuya: pamaliro amanyozana, kupakana ufa kumaso, popanda wokwiya. Mayiyo anapaka a Magalita ufa n'kuloza bokosi.

"Dzuka, Mngoni waulesi iwe! Wathawa kuthyola thonje eti?"

Milomo ya a Magalita inagwedera pang'ono ngati ifuna kuseka.

Felesita anati mankhwala ndi omwewa, ayambe wawayesa. Kutagwa maliro ena pafupi, anatenga ufa, kukapaka wamasiye n'kunyoza malemu. Kalanga ine! Anamfedwawo anali Angoni anzake. Anamuthamangitsa ndi chikuni, ndipo dzina lake linasanduka "wamisala wa a Matiyasi."

Mayi Leticia anamupeza kuchitsime akulira.

"Chitsiru iwe, ukuyesa choseketsa ndi ufawo? Ine ndimanyoza chifukwa mwambo unandilola, ndipo ndikatha ndimatunga madzi, ndimaphikira anamfedwa. Iwe si mbuya wawo. Funa khomo lako."

"Khomo langa ndi liti, amayi?"

"Ndidziwe ine? Ndinakubala ndine?"

Felesita anayamba kugulitsa mtedza wokazinga pamalire, pomwe malole amadikira kuwoloka. Pamenepo anaona kuti kuseka kuli mitundu. Kuli koseka munthu atagwa m'matope, mwini wake n'kupita mtima uli bii. Kuli zolaula za madalaivala, zosati n'kupita nazo kunyumba. Ndiye kuli kotsanzira munthu mpaka iye mwini adzione, ayambe yekha kuseka. Felesita anasankha kumeneku.

Poyamba madalaivalawo ankamukalipira: "Tipatse mtedza, usatisokose!" Sanaleke. Anaphunzira mayendedwe awo, kayasamulidwe kawo, kakandidwe ka mimba. Mapeto ake okha ankamuitana: "Iwe wa mtedza, tatsanzira Jabulani akamabweza lole m'mbuyo!" Jabulani yemweyo ndiye ankayamba kugwa nacho chiseko.

Koma amene iye ankafuna kuti aseke anali chigonere.

Tsiku lina masana anatsitsa jekete la bambo ake pamsomali. Linali likumvekabe fodya ndi thukuta lawo. Anaima nthawi yaitali nkhope ataikwirira m'menemo. Kenako analivala, anakokera njinga ija m'nyumba n'kuyamba kupopa.

"Njinga iwe," anatero ndi mawu a malemu, "ndinakulowola ndi ng'ombe zingati kuti uzindizunza chonchi?" Ndiye anatsokomola.

Kenako kunamveka mawu ouma, akuchokera kukhoma:

"Sankatero. Ankayamba walavula, kenako n'kutsokomola."

Felesita analavula, natsokomola. A Magalita anatembenuka. Anaseka mpaka chiseko chinasanduka kulira, ndipo analira awiriwiri atagwira jekete lija, wina mkono uwu, wina uwo. Atatha, mayiyo anapukuta maso.

"Phala lija lilipo? Usandiyang'ane, bwera nalo."

Pofika 1997 Felesita anali ndi gulu lake la zisudzo. Ankawaitana kumaukwati, kumatchalitchi, ku Chipata mpaka ku Chipangali. Aja anamuthamangitsa ndi chikuni ankalimbirana malo akutsogolo. Koma za njinga zija sanazichitepo pagulu. Anthu ankapempha, iye n'kukana. Zinali za mayi ake okha, pamasiku amene nyumba yawakulira.

Tsono inu, mwalephera mayeso? Anakupirikitsani chifukwa munalowera khomo la eni? Ndiye mwakhala pansi mukudikira ndani? Musataye mtima. Pukutani ufawo m'manja, muimirire. Chanu chija chapachikika pamsomali m'nyumba mwanu momwemo. Kachitsitseni.