Chinangwa cha M'mphepete mwa Munda

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinatsala pang'ono kupha mlongo wanga Yusufu, ndipo ndinatero chifukwa chomukonda. Inali miyezi ya njala. Amayi anali atalawira ku sadaka ya malemu azakhali ku Mwadzama, n'kundisiyira Yusufu, wa zaka zinayi, kamwana kodziwa kulira ngati kakulipidwa.

Dzuwa litafika pamutu, kulira kuja kunanditopetsa. Ndinatenga kakhasu ulendo kumunda wa chinangwa, womwe unali pamchenga kuseri kwa nyumba. Masiku ena amayi ankachokera komweko ndi chinangwa chozuna choti n'kungootcha. Ine sindinafunsepo kuti amachikumba pati. Kwa ine chinangwa chinali chinangwa basi, masamba ake omwewo, mitengo yake yomweyo. Ndinakumba phata loyamba la m'mphepete, ndikudzitama mumtima kuti ndakula.

Nditaotcha, ndinamupatsa Yusufu chonse. M'mimba mwanga munkalira, koma ndinati mwana adye. Ataluma kawiri anakwinya nkhope.

"Achemwali, chikuwawa."

"Iwe, idya! Usandivute, wamva?"

Anadya, poti ankandiopa. Mawu angawo amandiwawabe mpaka lero kuposa chinangwacho.

Sipanapite nthawi, Yusufu anayamba kudzandira ngati woledzera, kenako kusanza, maso ali gwa! Mayo ine! Ndinakuwa mpaka amalume, omwe ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, anathamangira. Atangoona makoko pamoto, sanafunse zambiri. Anamubereka Yusufu ndi chitenje, n'kupalasa njinga kupita kuchipatala. Ine ndinatsala pakhonde, ndikuwerenga nyerere, osadziwa ngati mlongo wanga abwerako wamoyo.

Anabwerako patapita masiku awiri, ataonda, milomo itauma, koma wamoyo. Ine ndinali nditakonzekera mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Koma amayi anangondigwira dzanja, nanditengera kumunda kuja.

Anandiimika paphata lomwe ndinakumba, nathyola tsamba. Kenako tinapyola mizere ingapo mpaka pakati penipeni, nathyolanso lina. Anayika awiriwo pachikhatho changa. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso, sindinaone kusiyana. Ndipamene anandionetsa kaphesi kogwira tsamba, mtundu wake, ndi khungu la mtengo, mmene lina linaderapo pang'ono. Pomaliza anakumba pang'ono mbali zonse, nandilumitsa kansonga. Cha m'mphepete chinandimanga lilime, ndinalavula msanga.

Tsikulo ndinadziwa chinsinsi cha amayi a kwathu. Chowawa chija, chomwe timaviika m'madzi masiku angapo chisanasanduke ufa wa kondowole, ankachibzala kuzungulira munda ngati mpanda, kuti akuba ndi anyani akalawa agwe ulesi. Chozuna ankachibisa pakati.

"Ndinabisira akuba, mwanangu," anatero amayi, misozi ili m'maso, "koma ndinabisiranso iwe. Wolakwa ndine."

Ndinali ndisanawaonepo akupepesa mwana. Ndinalira kuposa mmene ndikanalirira ndi mkwapulo.

Tsopano ndine mayi wa imvi, ndipo ndaona kuti minda ya mtundu umenewu ndi yambiri. Nthawi ya chisankho kumabwera anthu ovala mofanana, olonjeza chipatala chomwecho ndi mlatho womwewo. Kumabwera ena ndi mabuku, ati akulemba mayina a thandizo, wina woona, wina wofuna kutidyera masuku pamutu. Anzanga amati onsewo ndi amodzi. Ine ndimakana. Si amodzi ayi, kungoti chowawa chimakonda kumera pafupi ndi njira, pomwe dzanja limafika msanga. Chozuna chimafuna ulowe mkati, uyang'ane phesi, ulume pang'ono usanapatse mwana. Ndipo wamng'ono akati chikuwawa, ndinaphunzira kutseka pakamwa n'kumvetsera.

Yusufu lero ndi bambo wa ana asanu, ali ndi bwato lake ku Dwambazi. Akabwera kudzandiona ndimamuotchera chinangwa, chifukwa amachikondabe, mwana wosamva. Amachitenga, n'kuchitembenuza uku ndi uku, ana ake akuseka, kenako amandipatsira.

"Achemwali, yambani mwaluma ndinu."

Iye amati ndi nthabwala. Ine ndimaluma ndithu, ndipo ndimatafuna mpaka nditatsimikiza.