Amayi Anamwalira Ali pa Chilango

Linali Lachitatu, pa 14 Ogasiti 1957, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa. Ndinali m'kalasi pa kasukulu ka mishoni ku Zingalume, ndikulemba masamu pa bolodi, pamene atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anayedzamitsa njinga pa mtengo n'kudzaima pakhomo. Sanalowe. Anangovula chipewa.

"Mayi ako atisiya m'bandakucha," anatero. "Chifuwa chija."

Ndinaika choko pansi n'kuuza ana kuti azipita kwawo.

Tinafika kwathu ku Mlolo dzuwa litapendeka. Anthu anali atadzaza pabwalo, koma ndisanatsike n'komwe pa njinga ndinazindikira kuti china chikusowa. Kulira kunalipo, nyimbo kunalibe. Kwathu Mkhristu akamwalira, amayi a mpingo amakhala m'nyumba ya maliro n'kumaimba molandizana kufikira tsiku loika. Tsiku limenelo anakhala panja, m'mthunzi wa nkhokwe, mabuku awo a nyimbo atawakulunga m'nsalu.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Amayi anali pa chilango.

Bambo atamwalira, munda unawakulira amayi. Ine ndinali ku ntchito ndipo ndinkangobwera mwa apo ndi apo. Mu Januwale chaka chimenecho udzu unaposa chimanga, amayi n'kuitana dima, kuti anthu adzawathandize kupalira tsiku limodzi. Poyamba anaphika thobwa, monga mpingo unkalolera. Kunabwera anthu atatu. Sabata yotsatira anafulula mowa weniweni, kunabwera mudzi wonse, munda n'kutha dzuwa lisanalowe. Bwalo la akulu a mpingo linawaika pa chilango cha miyezi isanu ndi umodzi: osadya Mgonero, ndiponso kukhala pa mpando wakumbuyo m'nyumba ya mapemphero. Sanatsutse, ndipo sanajombe Lamulungu ngakhale limodzi. Miyeziyo inatha kumapeto kwa Julayi. Chinangotsala n'chakuti abusa abwere mu Seputembala, bwalo likhale, awaimike pamaso pa mpingo n'kulengeza kuti abwezedwa. Lamulo linali lakuti munthu womwalira ali pa chilango aikidwe popanda nyimbo ndi ulaliki.

Nditatuluka m'nyumba ya maliro ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu. Anali mnzawo wa malemu bambo, ndipo ndi amene anandiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo. Ndinawapeza kuseri kwa khola, akuthandiza kupala matabwa a bokosi.

"Bambo, miyezi inakwana. Inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndine amene ndinkawaona pa mpando uja sabata ndi sabata."

"Nanga tiwaike ngati nkhuku yofa ndi chitopa?"

"Usalankhule choncho. Ine ndine mkulu chabe. Chimene tinamanga abusa alipo sindingachimasule abusa palibe. Pita ukanditengere kalata yawo. Mizere iwiri yokha, ndipo nyimbo ndidzayambitsa ndine."

Atsibweni anali chapafupi, akufwenkha fodya. Iwo sanalowepo m'tchalitchi chibadwire, kupatula tsiku limene anakabisalamo mvula.

"Ha! Ku boma chitupa, kumwambanso chitupa?" anatero. "Abambo inu, Mulungu wanuyo ndi kalaliki?"

"Inu achimwene, izi si zanu," anayankha akuluwo osakweza mutu.

"Nyimbo si zanga, koma mtembo ndi wanga. Mwini mbumba ndine. Mawa dzuwa likapendeka tiika, kalata ibwere kapena isabwere." Kenaka anandicheukira. "Iwe, ngati ukupita, ulawirire."

Ndinanyamuka Lachinayi kukungoyera. Mphepo ya Ogasiti inkandiwomba kumaso njira yonse, fumbi lili m'mano. M'zitunda zina ndinkatsika n'kumakankha njinga. Ndinafika ku mishoni dzuwa litakwera, osadya kanthu kuyambira dzulo lake.

Abusa ndinawapeza pakhonde, mwendo wotupa atautsamiritsa pa kampando, atauzinga nsalu. Anali munthu wofatsa, wa kwathu konkuno. Anandipepesa, anapemphera nane, n'kuuza amayi a kunyumba kwawo kuti andipatse mbatata. Atatero anamvetsera nkhani yonse osandidula.

"Aphunzitsi," anatero, "mwandipempha chinthu chimene ndilibe."

"Mizere iwiri yokha, abusa."

"Mafungulo Ambuye anapatsa mpingo, osati mbusa. Chilango chija chinaikidwa ndi bwalo. Ine ndinangotsogolera zokambirana. Ndikalemba kalata pandekha, mawa wina adzati mbusa amamasula amene amawakonda. Ndipo adzakhala akunena zoona."

"Ndiye bwalo likhale lero."

"Bwalo silikhala popanda mbusa. Mwendowu mukuuona. Ngakhale pa ngolo, tingakafike ataika kale."

"Akulu anditumiza kwa inu. Inu mukundibweza kwa akulu."

"Inde," anatero. Sanayese kuzikometsa.

Kenaka ndinafunsa chimene sindinakonzeke kufunsa: "Nanga Mulungu wawalandira amayi kapena ayi?"

"Zimenezo sizidikira bwalo. Mayi anu analapa, ndipo ine sindikayika. Koma nyimbo pa manda ndi umboni wa mpingo, ndipo mpingo sunalankhule." Anakonza nsalu ya pa mwendo. "China, aphunzitsi. Inu ndinu wantchito wa mishoni, Lamulungu mumatsogolera mapemphero ku sukulu kwanu. Musakachite chinthu chondikakamiza kudzakhala pa mlandu wanu."

Pobwerera mphepo inali kumbuyo, koma miyendo inkakana. Ndinafika akukhoma misomali yomaliza ya bokosi. Akulu aja anayang'ana manja anga, n'kuona kuti mulibe kanthu.

Sindinayambe ndaperekezapo maliro achete chotero. Kuchoka pakhomo mpaka ku msitu wa manda kunkangomveka mapazi pa masamba ouma, ndi adzukulu, amene amanyamula ndi kuika maliro, akuuzana motsitsa mawu posinthana bokosi. Ngakhale olira anaoneka ngati akuchita manyazi. Azakhali ena achikatolika ochokera kutsidya kwa dambo ankayendetsa zala pa korona, milomo yokha ikugwedera.

Bokosi litatsitsidwa, adzukulu anaima ndi makasu m'manja. Anazolowera kuti pamenepa pamakhala nyimbo, tsono anadikira. Palibe anayamba. Wamkulu wawo anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza khasu.

"Taimani," anatero atsibweni.

Anasendera m'mphepete mwa dzenje, n'kuyang'ana akulu a mpingo.

"Abambo, m'buku lanu dzina langa mulibe. Choncho mulibenso polifufuta."

Anayamba kuimba. Inali nyimbo imene amayi ankakonda kuimba akusinja. Atsibweni anaiphunzira pongoimva, ndipo anaiimba ndi mawu awo a ku mowa, otsika kwambiri, ena akuwalumpha, pena kungong'ung'udza. Wina kumbuyo anatsala pang'ono kuseka. Koma mayi mmodzi wa mpingo, amene kale ankakhala mpando umodzi ndi amayi, anaitola n'kuiwongola. Wina anatsatira. Pofika kumapeto kwa ndime yoyamba, amayi onse anali akuimba.

Kenaka kunakhalanso zii. Masiku amenewo anthu ambiri sankawerenga, choncho wotsogolera ankatchula mzere mokweza, anthu n'kuuimba pambuyo pake. Ndime yoyamba aliyense ankaidziwa pamtima. Zotsatirazo zinkafuna wotsogolera, ndipo wotchula mizere ndiye ankatengedwa kuti wachititsa mwambo.

Atsibweni ananditembenukira.

"Aphunzitsi, ine zanga zathera pomwepa. Kodi kusukulu tinakutumizirani chiyani?"

Buku la nyimbo linali m'thumba la jekete langa. Ndinayang'ana akulu aja. Iwo anayang'ana pansi. Sanandilole, sanandiletse. Ndinaganiza za sukulu, za kanyumba ka aphunzitsi, za mkazi wanga amene anali woyembekezera. Kenaka ndinatsegula bukulo n'kutchula mzere woyamba wa ndime yachiwiri. Mawu anga anatuluka osasa ndi fumbi la m'njira, koma anthu anawamva. Tinaimba ndime zonse zinayi. Akuluwo sanaimbe, komanso sanachoke. Nyimbo itatha, anatapa dothi ndi dzanja n'kuponya m'manda monga wina aliyense.

Sindinamve ngati ndapambana kanthu. Chimene ndinkafuna ndi pokhala basi.

Papita zaka zambiri. Nanenso ndakhala mkulu wa mpingo, ndakhala m'bwalo, ndipo ndavomerezapo kuti anthu aikidwe pa chilango. Sindinena kuti akulu aja kapena abusa anali ouma mtima. Aliyense ankaopa kutenga mphamvu imene sanapatsidwe, ndipo ndaona mipingo ikugawanika chifukwa cha anthu opanda mantha amenewo. Nanenso tsiku lija palibe anandipatsa mphamvu. Amene ananditumawo anali munthu wosabatizidwa, wonunkha fodya. Ndawerenga Baibulo, ndafunsa abusa angapo, ena ophunzira kwambiri. Amati ulamuliro umachokera ku Mawu, n'kudzera mu mpingo. Ndimavomera. Koma ndikafunsa kuti masana aja mpingo unali kuti, kaya mwa akulu amene anakhala chete, kaya mwa abusa pakhonde paja, kaya mwa amayi amene anaimba, amayankha motalika, ndipo ine ndimatopa asanamalize.

Bwalo litakhala mu Seputembala, linandiletsa kutsogolera mapemphero kwa theka la chaka. Sukulu anandisiyira. Za amayi silinanene chilichonse, poti munthu wakufa saimikidwa pamaso pa mpingo.

Koma izo zinali zam'tsogolo. M'mawa wa Lachisanu, anthu asanayambe kubalalika pa maliro, ndinang'amba pepala m'kope la masamu n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinalembera abusa kuti amayi taika, kuti pa manda panaimbidwa nyimbo, ndi kuti wotchula mizere ndinali ine, akulu a mpingo osandilola. Za amayi amene anaimba sindinalembe. Ndinapinda pepalalo n'kupita nalo kwa akulu aja, kuti lidzere m'manja mwawo monga dongosolo linkafunira. Ndinawapeza akumanga mtolo wa udzu wofolerera. Anapukuta manja pa buluku, n'kulandira ndi manja awiri.

"Wadya, mwana wanga?"

"Ayi, bambo."

"Kadye."

Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kupinda mphasa zobwereka, kuti zibwerere kwa eni ake.