Zimene Ananena a Sekuru Phiri

"Akuti chiyani bambo angawa?" mayiyo anandifunsa m'Chishona.

Ndinali ndi tsache m'manja. Ntchito yanga panyumba ya okalamba ku Zengeza 4 ndi kusesa ndi kunyamula odwala, osati kumasulira. Koma mutu wa agogo ena a pamalopo, a Sekuru Phiri, utasokonekera, Chishona chonse chinawathawa, n'kutsala ndi Chichewa cha kwawo. Mwana wawoyu sachimva. Pamalopo wochimva ndine ndekha.

Mkuluyo anabwereza pang'onopang'ono. Anati masana timawamangirira pampando ndi nsalu. Anati amakodzera pomwepo.

Zinali zoona. Okalamba ndi ambiri, antchito tilipo awiri, ndipo Madamu, mwini nyumbayo, safuna kulemba wachitatu. Mfundo ya nsaluyo ndimamanga ndine, kumbuyo, kuti asaifikire.

Madamu anali chilili pakhomo, akumwetulira. Anali atatiuza kale kuti bedi lina likangotsala lopanda munthu, mmodzi wa ife ntchito yatha.

"Akuti alakalaka kumudzi," ndinatero.

Mayiyo analira pang'ono, n'kuwapukuta bambo ake kukamwa. Anandithokoza, n'kundipatsa malalanje pa amene anawabweretsera. Ndinalandira ndi manja awiri, mwaulemu, ngati munthu. Pambuyo pake ndinadya ndithu, ndipo anali okoma.

Ndikuti ndizituluka, mkuluyo anandigwira malaya.

"Mwanawe, wamuuza?"

Ndinamasula zala zawo chimodzichimodzi. Ndinanyamula tsache langa n'kupita kukasesa kuseri.