Dzanja la amayi limene silinkamva moto

Chizindikiro choyamba chinali duku. Linali Lamulungu m'mawa, nyengo yokolola chimanga chaka chatha, amayi akukonzekera kupita kutchalitchi. Anakweza manja kuti amange duku lawo loyera, koma dzanja lamanja linangofika paphewa n'kubwerera. Anayesanso, duku linagwa pansi. Nditalitola kuti ndiwapatse, ndinaona kuti mlomo wawo wapendekera mbali imodzi. Anandiitana, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwawo silinali dzina langa.

Ine ndine Tadala, ndili Fomu 2. Timakhala awiri ndi amayi kumudzi wina kufupi ndi Lisungwi, bambo ali ku Joni. Pagulu sinditha kulankhula bwino. Zambiri ndimalemba m'kope langa, ndipo zimene ndikufotokoza pano ndazitenga m'menemo.

Tsiku limenelo sitinapite kuchipatala. Anansi ena anati n'kutopa ndi ntchito yakumunda, ena anati adutsana ndi mphepo yoipa, agone kaye. Masana anabwera amayi akutchalitchi kudzapemphera. Amayi anangogona chagada, maso kudenga, malovu akutsikira patsaya. M'mawa mwake mwendo wamanja unali utalekanso kugwira ntchito. Apo m'pamene tinaitana wanjinga yamoto.

Kuchipatala anapeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Adokotala anati ndi sitiroko, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Nditayankha kuti dzulo, anangowerama n'kulemba. Kuwerama kwawoko ndimakukumbukirabe.

Amayi anagonekedwa. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kuchokera ku Matope kudzawasamalira. Masiku am'chipatala amafanana onse. M'mamawa odikirira odwala timatuluka kuti akolope, kenako mankhwala, kenako kudikira adokotala. Phala tinkawamwetsa pang'onopang'ono atakhala tsonga, kuopa kuti angatsamwe, ndipo tinkawatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda zam'mbuyo.

Tisanatuluke, anatitumiza kwa mayi wina wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo. Azakhali anali kophikira, choncho ndinapita nawo ndekha amayi pa njinga ya odwala. Pabenchi lodikirira panali bambo wina wachikulire. Dzanja lake linali litapindikira pachifuwa, zala zitafumbata ngati phazi la nkhuku yakufa. Akazi ake anandiuza kuti papita zaka, ndipo silitambasukanso. Ndinayang'ana dzanja la amayi pamiyendo pawo, lofewa, zala zitangoyamba kupindika pang'ono.

Mayi wa mafizo anandionetsa mowongolera zala chimodzichimodzi. Anati mankhwala a magazi asadumphe tsiku, ndipo chilichonse chimene amayi angathe kuyesa okha, tiwasiye ayese. “Dzanja ili mukaligoneka, ligona mpaka kalekale,” anatero.

Koma kwathu kuno wodwala sagwira kanthu. Titafika kunyumba azakhali anasenza zonse. Ankawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, ndipo dzanja lodwalalo analimangirira pachifuwa ndi chitenje kuti lisalendewere. Obwera kudzazonda ankawayamika kuti mlamu wotere ndi wosowa, ndipo zinali zoona. Tsiku lina ndinaika zitsononkho ziwiri za chimanga m'lichero pafupi ndi amayi kuti ayese kutong'ola. Azakhali anachotsa licherolo.

“Iwe Tadala, udokotala wauyamba liti? Mayi ako akudwala, iwe ukufuna akutong'olere chimanga? Anthu akaona adzati azakhali ake anabwerera kudya basi.”

Ndinayesa kufotokoza za mayi wa mafizo, koma ndinalephera. Ndinkangowongola zalazo madzulo ndikaweruka kusukulu. Sabata ndi sabata zinkalimba. Zikhadabo zinayamba kulowa m'chikhatho, ndipo ndikatsegula munkatuluka kafungo kachinyontho. Nkhope ya bambo wapabenchi uja ndinaiiwala, koma dzanja lake linkandibwerera ngakhale ndili m'kalasi.

Kenako kunazizira. Dzanja la amayi linkakhala lozizira kuposa thupi lonse, ndipo azakhali anaganiza zolithowa. Kwawo ku Matope iwo ndi katswiri wa kuthowa, asodzi akabwera kumtsinje msana ukuwawa amapita kwa iwo. Amaviika nsalu m'madzi otentha, kufinya, n'kudinda pamalo powawa. Chowadziwitsa kuti madzi atentha kwambiri ndi munthu mwiniwakeyo: akakuwa, amadikira pang'ono kuti azizireko. Umo ndi mmene anaphunzirira, ndipo sanawotchepo munthu.

Amayi sanakuwe.

Nditafika kuchokera kusukulu, pakhomo panali zii. Mphika unali pakhonde, nsalu ili m'kati. Amayi anali pamphasa akuyang'ana nkhuku, nkhope ili bwinobwino ngati palibe chachitika. Koma kuyambira pamwamba pa dzanja mpaka pafupi ndi chigongono panali matuza akuluakulu, ena ataphulika kale. Azakhali anali atagwada pambali pawo, manja ali pamutu.

“Sanakuwe, mwana iwe,” anatero. “Ndimafunsa, alamu kwatentha? Iwo chete. Ndiye ndimati madzi azizira, n'kuwonjezera ena.”

Tinabwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Tinadikira pamzere mpaka dzuwa kupendeka, azakhali atanyamula dzanjalo m'manja mwawo ngati khanda. Anamwino anatsuka zilondazo n'kumanga. Sanakalipe. Anati dzanja la munthu wa sitiroko nthawi zina silimva moto, silimva munga, ndipo mwini wake sangakuchenjezeni. Madzi akhale ofunda chabe, wothowayo ayambe wayesa pa chigongono chake. Anatinso tisatemere mphini, ndipo mankhwala azitsamba tisawapatse tisanafunse, chifukwa ena amalimbana ndi mapiritsi. Azakhali anafunsa motsitsa mawu ngati adzaloledwenso kulikhudza dzanjalo. Mayi wa mafizo uja, amene analinso pomwepo, anati inde, zilonda zikapola, ndipo anatenga mkono wa azakhali womwewo n'kuwaonetsa masisitidwe ake: mafuta pang'ono, kuchokera kuzala kukwera kumtunda, osakoka phewa.

Pobwerera azakhali analankhula kamodzi kokha. “Ndaphika dzanja la mlamu wanga ngati chinangwa.” Usiku umenewo sanadye.

Masabata otsatira ndiwo anali oopsa kuposa onse. Chilonda chimodzi chinachedwa kupola, chinkatuluka madzi, ndipo zala tinkangozigwedeza pang'ono kuopa kung'amba khungu. Ndinkaziona zikufumbata. Amayi ankaliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina amene waliiwala pamphasa pawo. M'kope langa masiku amenewo ndinalembamo zochepa, chifukwa ndinkaopa kuti ndikalemba chimene ndikuganiza chichitika.

Zilonda zitauma, azakhali anamasula chitenje chija n'kuchipinda. M'mawa ndi madzulo ankasisita ndi mafuta ophikira, akuimba nyimbo zakutchalitchi chapansipansi. Tinaona kuti amayi, amene ankavutika kutchula ngakhale “madzi”, ankalandira mawu omalizira a nyimbo bwinobwino. Titanena kuchipatala anati tipitirize, kuimba kumathandiza ena, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala kapena mafizo.

Lichero la chimanga linabwerera. Chitsononkho chimodzi chinkawatengera amayi m'mawa wonse, njere zikugwa imodziimodzi, thukuta lili kamukamu. Azakhali ankakhalira manja awo enieniwo kuti asawathandize. Mayi wina wobwera kudzazonda anagwira pakamwa n'kuti, “Kodi mwayamba kuwagwiritsa ganyu odwala?” Azakhali anamuyankha kuti, “Ngati mwamva chisoni khalani pansi muimbe nafe. Chimangacho musachikhudze, chili ndi mwini wake.”

Kutayamba kutentha, m'mawa wina azakhali anayesa madzi pa chigongono monga mwa masiku onse, n'kuika nsalu pamkono pa amayi. Mkonowo unanjenjemera. Amayi anakwinya nkhope n'kunena pang'onopang'ono kuti, “Alamu, kwatentha.” Madziwo anali ofunda chabe. Azakhali anaseka, kenako analira, nsalu ili m'manja.

Lero amayi amayenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi. Amalankhula mochedwa, ndipo akatopa mawu amasokonekera. Zala zitatu zimatambasuka, ziwiri zakumapeto zinatsala zopindika, ndipo akuchipatala sanatilonjeze kuti zidzawongoka. Chipsera chamoto chilipo. Anatiuzanso kuti sitiroko imatha kubweranso, choncho timapita kukayezetsa magazi nthawi iliyonse imene atiuza. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimawapatsa moni n'kuyang'anitsitsa mlomo wawo poyankha. Iwo amadziwa chimene ndikuyang'ana, koma sitikambirana.

Kwa amene muwerenge izi, ndikupempha chinthu chimodzi. Mukaona mlomo wa munthu wapendekeka, dzanja lafooka mwadzidzidzi kapena mawu akukoka, musadikire kuti kuche. Pempherani muli m'njira. Ife tinataya tsiku lathunthu, ndipo sindidzadziwa kuti tsikulo linatenga zala zingati. Kusisita, kuthowa ndi kuimba kunatithandiza, koma titafunsa kaye kuchipatala kachitidwe kake. Ndipo wodwala akakhala chete, musaganize kuti sizikumuvulaza thupi.

Lamulungu lapitali amayi anatenga duku lawo loyera. Anagwira mbali imodzi ndi dzanja lamanzere, ina anaipana ndi zala zitatu zija. Linagwa, anatola okha. Atamanga linapendekera kukhutu, mfundo yake yosalimba. Azakhali anayamba kudzuka pampando, kenako anakhalanso pansi n'kukhalira manja awo. Ine ndinaika anga kumbuyo. Amayi anatenga ndodo n'kutsogola, duku lili chopendekera choncho.